Kuchokera pa Mphini Kufika pa Chitenje: Mbiri ya Kudzikongoletsa kwa Amayi a ku Malawi

Mbiri ya dziko la Malawi imalembedwa kawirikawiri monga mbiri ya mafumu, nkhondo, amishonale ndi zipani za ndale, pamene mbiri ya mmene amayi akhala akusamalira matupi awo tsiku ndi tsiku imasiyidwa pambali poiyesa nkhani yopepuka, yoyenera kukambidwa pamtondo kapena pachitsime basi. Komatu kudzikongoletsa, kumene ndi ntchito yonse imene munthu amachita pathupi pake kuti aoneke bwino ndi kulemekezeka pamaso pa anzake, monga kusamba, kudzola, kupesa, kuluka tsitsi ndi kuvala, kunali chizindikiro chimene Achewa, Amang'anja, Ayao, Angoni, Alomwe ndi mitundu ina ankadziwira nacho msinkhu wa mkazi, kwawo kumene anachokera, kupeza bwino kwa abale ake, ndiponso ngati analangidwa kapena ayi. Pa zaka pafupifupi 400 zimene umboni wake ulipo, kukongola kwa mkazi kwasamuka pang'onopang'ono kuchoka pakhungu, pamene kunkatemedwa ndi lumo kuti kukhale mpaka imfa, kupita pansalu imene imavalidwa m'mawa ndi kuvulidwa madzulo, ndipo pa nyengo iliyonse ya kusinthaku pakhala pali ena, kaya amalonda, atsogoleri a mipingo, boma kapena anyamata a mumsewu, amene afuna kulamula mkazi za mmene ayenera kuonekera.

Nthawi ya ufumu wa Maravi

Umboni wochuluka wa zokongoletsera zakale unapezeka ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene kunali likulu la Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi. Katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, atakumba pamalowa anapezapo mikanda yagalasi yambirimbiri, zokongoletsera zamkuwa, zibenthu za mbale za ku China, ndiponso zidutswa za minyanga ya njovu zosonyeza kuti amisiri a pamudzipo ankasema makoza, amene ndi zibangili za mnyanga zovala pamkono. Yambiri mwa mikandayo inapangidwa ku India, ndipo inkaoloka nyanja ya mchere pa zombo, n'kukwera ndi mtsinje wa Zambezi kudzera ku Sena ndi ku Tete, mpaka kufika kwa Amaravi posinthanitsa ndi minyanga, makasu ndi nsalu za thonje. Mpwitikizi wina dzina lake Gaspar Bocarro, amene anadutsa m'dziko la Amaravi mu 1616 pa ulendo wochokera ku Tete kupita ku Kilwa, anayenda ndi nsalu ndi mikanda zopereka kwa mafumu ndi zogulira chakudya, zimene zikusonyeza kuti pofika nthawi imeneyo mikanda inali kale chuma chodziwika mtengo wake, kotero kuti mkazi akaivala m'khosi aliyense ankaona mphamvu za banja limene anachokera.

Ngakhale zinali choncho, kukongola kwa mkazi wamba kunkadalira kwambiri zinthu za m'dera lake lomwe. Chovala chofala chinali nyanda, imene ena amaitcha chiwondo, nsalu yopangidwa ndi khungwa la mtengo wa mombo, limene amuna ankalisenda, kulinyika m'madzi ndi kulimenya pachipika mpaka litafewa ndi kutambasuka. Kuchigwa cha Shire, Amang'anja ankalima thonje, kulipota ndi kuomba nsalu zolimba zotchedwa machila, zimene zinkagulitsidwa mpaka kumadera a Zambezi. Mkazi ankamanga nsaluyo m'chiuno, ndipo kusiya chifuwa poyera sikunali kochititsa manyazi, popeza malo oyenera kubisika kwambiri pa mwambo wa makolo anali chiuno ndi ntchafu. Maganizo amenewa sanafe, ndipo ndi amene anadzakhala gwero la mikangano yambiri ya kavalidwe m'zaka za pambuyo pake.

Chisamaliro cha khungu chinali m'manja mwa amayi eni ake, amene ankayenga mafuta a nsatsi pokazinga njere zake, kuzisinja mumtondo ndi kuziwiritsa m'madzi mpaka mafuta atayandama, kenaka n'kuwasunga m'nsupa, imene ndi kachikho kakang'ono kopapatiza kukamwa. Mkazi akachokera kumtsinje, kumene ankakwecha mapazi pamwala kuti zidendene zisachite ming'alu ndi kutsuka tsitsi ndi masamba oterera a chewe, ankadzola mafutawo thupi lonse ndi kudzoza ana ake, chifukwa khungu lotuwa linkasonyeza ulesi, matenda kapena maliro, pamene khungu losalala ndi lonyezimira ndilo linali chiyambi cha kukongola konse. Tsitsi linkametedwa ndi lumo m'mizere ndi m'maonekedwe osiyanasiyana, ena ankalipota n'kulowetsamo mikanda, ndipo kumeta mpala kunkachitika makamaka pa nthawi zosintha moyo wa munthu, monga potuluka m'chinamwali ndi pomaliza maliro.

Mphini, mphete ndi chipini

Chokongoletsera chachikulu koposa pa nyengo imeneyo chinali mphini, zimene ndi timabala tating'onoting'ono totemedwa pakhungu mwadongosolo kuti tikapola tisiye zipsera zotukuka. Mayi waluso ankatsina khungu kapena kulikoka ndi munga, n'kulitema ndi lumo, kenaka n'kupakamo makala osinja kuti chipseracho chide ndi kuonekera bwino. Mphini zokongoletsa ziyenera kusiyanitsidwa ndi mphini za mankhwala zimene sing'anga amatema pamalo opweteka, chifukwa zokongoletsazo zinali ndi kalembedwe kake kodziwika, ndipo za pamphumi ndi m'masaya zinkasiyana mtundu ndi mtundu mwakuti mlendo ankazindikirika kwawo asanayankhule. Panalinso mphini za pachifuwa, pamimba, kumsana ndi m'ntchafu, zimene sizinali za maso a gulu koma za m'banja, pakuti zinkakondweretsa mwamuna pozikhudza. Popeza kutema mphini kunali kowawa ndiponso kunkatenga nthawi yaitali, mtsikana amene anali nazo zambiri ankadziwika kuti ndi wopirira, wokonzeka kukumana ndi zowawa za uchembere, pamene wopanda mphini ankasekedwa ndi anzake kuti ndi wamantha.

Chokongoletsera chimene chinadabwitsa kwambiri azungu oyamba chinali mphete ya pamlomo, imene m'mabuku awo anailemba kuti pelele. Mtsikana akadali wamng'ono ankaboola mlomo wake wam'mwamba n'kuikapo kamtengo kuti bowolo lisatsekeke, ndipo m'kupita kwa zaka ankasinthapo timitengo tokulirapo mpaka bowolo litakwana kulandira mphete yathunthu, ya nsungwi kwa osauka ndi ya mnyanga kapena chitsulo choyera kwa opeza bwino. David Livingstone, amene anayenda m'chigwa ndi m'mapiri a Shire mu 1859, anafotokoza mwambowu m'buku limene analemba ndi m'bale wake Charles ndipo linasindikizidwa mu 1865, momwe anautchula kuti ndi wonyansa. Koma m'buku lomwelo muli yankho la mfumu ya Amang'anja, Chinsunse, imene itafunsidwa chifukwa chimene amayi ankavalira mphete, inadabwa ndi funsolo n'kunena kuti ankavalira kukongola, popeza amuna ali ndi ndevu pamene akazi alibe. Yankho limeneli ndi lofunika posanthula mbiri, chifukwa likusonyeza kuti zimene mlendo ankaziona ngati kuwononga nkhope, eni ake ankaziona ngati kukwaniritsa ukazi, ndipo mbali zonse ziwiri zinkayesa muyeso wawo kukhala wachibadwidwe.

Mitundu imene inalowa m'dzikoli m'zaka za m'ma 1800 inabweretsanso zake. Amayi a Chiyao ankadziwika ndi chipini, kachitsulo kapena kamnyanga kobulungira kovala pabowo la m'mbali mwa mphuno, mwambo wofanana ndi wa anthu a kugombe la nyanja ya mchere amene Ayao ankachita nawo malonda, ndipo Alice Werner, m'buku lake la 1906 lofotokoza za anthu a dziko lino, analemba za chipini pamodzi ndi mphete ndi mphini. Angoni, amene gulu lawo la Zwangendaba linaoloka Zambezi mu Novembala 1835, anabwera ndi mwambo woboola makutu ndi luso lotunga mikanda ya mitundumitundu yovala pamphumi, m'khosi ndi pachifuwa. M'madera ena anthu ankasemanso mano akutsogolo kuti akhale osongoka kapena ampata. Pamene mitundu inkakwatirana ndi kukhala m'midzi yoyandikana, zokongoletserazi zinkabwerekanidwa, mwakuti chipini chinafalikira kwa amayi amene sanali Ayao pa nthawi imene mphete ya pamlomo inkayamba kusiyidwa.

Chinamwali monga sukulu ya chisamaliro cha thupi

Nzeru zonsezi sizinkaphunziridwa mwachisawawa, koma zinali ndi malo ake m'chinamwali, mwambo wolangiza mtsikana amene watha msinkhu. Namkungwi, amene ndi mayi wamkulu woyang'anira mwambowu, pamodzi ndi phungu, amene ndi mayi wosankhidwa kuyenda ndi namwali mmodzi ndi kumulangiza payekha, ankaphunzitsa mtsikana kusamba nthawi yoyenera, kudzisamalira akakhala kumwezi, kumeta, kudzola, kukhala pansi mosaonetsa ntchafu ndi kugwada popereka ulemu kwa akuluakulu. Pa chilangizo chotere ukhondo, ulemu ndi kukongola sizinkalekanitsidwa, ndipo mwambi wakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere unkachenjeza kuti nkhope yabwino yopanda khalidwe siimanga banja. Pa tsiku lotuluka, anamwali a Chichewa ankavekedwa chingondo, chisoti choumbidwa ndi dothi m'maonekedwe a nyama, matupi awo ankalembedwa madontho, ndipo atatha kumetedwa ndi kusamba ankadzozedwa mafuta ndi kuvekedwa mikanda ndi nsalu yatsopano kuti mudzi wonse uone kuti mwana uja tsopano ndi mayi. Zithunzi zina zoyera za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2006, akatswiri amazigwirizanitsa ndi chinamwali, zimene zikuonetsa kuti maphunzirowa ndi akale kwambiri.

Mikanda ya m'chiuno ndiyo mbali ya maphunzirowa imene yapirira kusintha konse. Mikanda imeneyi imatungidwa pa ulusi n'kuvalidwa m'kati mwa zovala, ndipo sikoyenera kuti munthu wina aione kupatula mwamuna wa mayiyo ndi amayi anzake posamba. M'madera ambiri anamkungwi ankaphunzitsanso tanthauzo la mitundu yake, kuti mkanda wofiira ukapachikidwa kuchipinda mwamuna adziwe kuti mkazi wake ali kumwezi, woyera kuti masikuwo atha, ndipo wakuda kuti nthawi yometana yakwana. Chinenero chopanda mawu chimenechi chinali chogwirizana ndi chikhulupiriro cha mdulo, nthenda imene amati imagwira munthu ngati a m'banja aphwanya malamulo a kugonana ndi kuthira mchere m'ndiwo pa nthawi zoletsedwa. Motero mkanda unali chokometsera chikondi komanso chida chimene mkazi ankalamulira nacho za m'nyumba mwake popanda kukweza mawu.

Mtengo wa nsalu ndi mikanda m'zaka za m'ma 1800

M'zaka za m'ma 1800 nsalu ndi mikanda zinachuluka kuposa kale chifukwa cha amalonda a Chiswahili ndi a Chiyao amene ankalumikiza nyanja ya Malawi ndi Kilwa komanso Zanzibar. Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, ndipo mafumu a Chiyao monga Mponda ndi Makanjira analemera ndi malonda omwewo kummwera kwa nyanja. Katundu amene ankabwera anali nsalu yoyera ya ku America imene kugombe ankaitcha merikani, nsalu yakuda yonga ija imatchedwa biriwita, mawaya amkuwa opangira zigwinjiri za m'manja ndi m'miyendo, ndi mikanda imene tsopano yambiri inkachokera ku Venice ndi ku Bohemia. Amayi a kuno sankalandira chilichonse chimene abweretseredwa, pakuti mtundu wa mkanda umene unkakondedwa m'dera lina unkakanidwa m'dera lina, ndipo wamalonda wosadziwa zimenezi ankabwerera ndi katundu wake.

Mbali yowawa ya mbiriyi ndi yakuti zokongoletserazi zinkagulidwa ndi minyanga ndi anthu. Akapolo zikwizikwi ankaolotsedwa nyanja kuchokera ku Nkhotakota ndi madoko ena, ndipo ambiri mwa ogwidwawo anali amayi ndi ana, ena mwa iwo n'kusungidwa m'midzi ya mafumu monga akazi ndi antchito. Nsalu imene inkakongoletsa mkazi wa mfumu inkatha kukhala mtengo wa mtsikana wa m'mudzi woyandikana nawo, ndipo mbiri yoona ya kudzikongoletsa siingabise mfundo imeneyi.

Mishoni, masitolo ndi matchona

Kufika kwa mishoni ya Livingstonia mu 1875, ya Blantyre mu 1876, ya Likoma mu 1885, ya Mvera mu 1889 ndi ya Mua mu 1902, pamodzi ndi kukhazikitsidwa kwa ulamuliro wa Britain mu 1891, kunasintha muyeso wa kukongola m'mibadwo iwiri yokha. Amishonale ankaona mphini, mphete ndi kusema mano ngati zizindikiro za chikunja, ndipo ankaphunzitsa kuti mkazi wa Chikhristu abise chifuwa ndi kufunda kumutu polowa m'tchalitchi. M'sukulu za atsikana munkaphunzitsidwa kusoka, kuchapa ndi kusita, kotero kuti singano, sopo ndi simbi zinakhala zipangizo zatsopano za ukhondo. Mphete ya pamlomo ndiyo inayamba kutha, mpaka inatsalira kwa amayi okalamba okha, pamene mphini zinapitirira kwa nthawi yaitali, makamaka zobisika, chifukwa abusa sakanatha kuziona. Mipingo itaona kuti chinamwali sichingathetsedwe ndi chiletso chokha, ina inakhazikitsa chilangizo chakechake, monga mmene unachitira mpingo wa Nkhoma, ndipo alangizi a mumpingo anapitiriza kuphunzitsa zambiri za ukhondo zimene anamkungwi ankaphunzitsa. M'mabungwe a amayi monga Mvano, Chigwirizano ndi Umanyano munabadwa mtundu wina wa kutchena, wa bulauzi yoyera yositidwa bwino, siketi yakuda ndi duku loyera, umene mpaka lero umapatsa mayi ulemu waukulu pamaliro ndi pamisonkhano.

Nsalu zinayandikira anthu kudzera m'masitolo a kampani ya African Lakes, imene inakhazikitsidwa mu 1878 ndipo anthu anaitcha Mandala, m'masitolo a Kandodo, ndiponso m'timasitolo ta amwenye timene tinafika m'maboma onse, kumene telala ankakhala pakhonde ndi makina ake osokera. Ndalama zogulira zinkachokera kwambiri kwa amuna amene ankapita kukagwira ntchito kumigodi ya ku Joni ndi m'mafamu ndi m'matauni a ku Southern Rhodesia, ndipo mwamuna wobwerako ankayembekezeka kutsegula sutikesi yokhala ndi nsalu, madiresi, maduku, ndolo, kalilole ndi mafuta onunkhira. Mkazi amene mwamuna wake anasanduka mtchona, kutanthauza munthu amene anakhalitsa kunja osabwerera kapena kutumiza kanthu, ankadziwika ndi nsalu yake yakutha. Pa nyengo imeneyi chovala cholemekezeka cha mayi chinali chilundu, nsalu yaitali yokulunga thupi kufika kumapazi, yovalidwa pamodzi ndi bulauzi ndi duku.

Chitenje ndi ulamuliro wa chipani chimodzi

Chitenje, nsalu ya thonje ya maluwa owala yotalika pafupifupi mamita awiri, chili ndi mbiri yochokera kutali. Luso lolemba maluwa pansalu ndi phula linali la anthu a pachilumba cha Java ku Indonesia, ndipo mafakitale a ku Netherlands, monga Vlisco ya ku Helmond imene inayamba mu 1846, ndi ena a ku Manchester, analitengera n'kuyamba kupanga nsaluzo ndi makina, zimene zinapeza msika waukulu kumadzulo ndi pakati pa Africa. Ichi ndi chifukwa chake chitenje chapamwamba chimatchedwabe cha Java m'misika ya ku Malawi. Mu 1967 fakitale ya David Whitehead and Sons inatsegulidwa ku Blantyre, ndipo inayamba kuomba ndi kusindikiza zitenje ndi thonje la alimi a m'dziko momwemo, mwakuti nsaluyi inafika pa mtengo umene mayi wa kumudzi akanatha kuukwanitsa. Mphamvu ya chitenje ili pa kuchuluka kwa ntchito zake, pakuti chimodzi chomwecho chimamangidwa m'chiuno, chimaberekera mwana, chimapindidwa kukhala nkhata kapena duku, chimayalidwa pansi pamaliro, chimaperekedwa kwa apongozi monga mphatso, ndipo chikapita kwa telala chimasanduka chovala cha paukwati.

Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linazindikira msanga mphamvu imeneyi. Pa mwambo wa Achewa, mbumba ndi alongo a mwamuna pamodzi ndi ana awo, amene iye amawayang'anira monga nkhoswe, ndipo Kamuzu anatenga mwambowu n'kuukuza kufika pa dziko lonse, nadzitcha nkhoswe ya amayi onse a m'Malawi. Amayi a chipani cha Malawi Congress ankavala nsalu yokhala ndi nkhope yake povina pamisonkhano, ndipo ngakhale ambiri ankanyadira kutchena kumeneku, kugula nsaluyo ndi kupita kukavina sizinali zoti munthu n'kukana mosavuta. Mu 1973 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la kavalidwe lotchedwa Decency in Dress Act, limene linaletsa amayi kuvala buluku pagulu kapena diresi losabisa mawondo, kupatula pamasewera ndi kumalo ena opumulirako alendo, ndipo amuna nawo analetsedwa kusunga tsitsi lalitali. Alendo achikazi otsika ndege pa Chileka atavala buluku ankauzidwa kuti asinthe kapena amange chitenje. Apa mwambo wakale wobisa ntchafu, umene unkasungidwa ndi malangizo a anamkungwi, unasanduka lamulo losungidwa ndi apolisi ndi achinyamata a chipani, ndipo kwa zaka 20 kavalidwe ka mkazi kanali nkhani ya boma.

Nyengo ya zipani zambiri

Lamuloli linathetsedwa pambuyo pa referendamu ya pa 14 Juni 1993, ndipo malamulo aakulu a dziko a 1994, m'gawo 24, anatsimikiza ufulu wa amayi wosasalidwa chifukwa cha ukazi wawo. Nthawi yomweyo malonda anamasulidwa, ndipo kaunjika, amene ndi zovala zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera kumaiko akunja zogulitsidwa pamulu, anadzaza misika monga mmene salaula anachitira ku Zambia. Kaunjika anapatsa mtsikana wosauka mwayi wotchena pa ndalama zochepa, koma pamodzi ndi zitenje zotsika mtengo zochokera ku Asia ndi maiko oyandikana nawo anafooketsa fakitale ya David Whitehead, imene inagulitsidwa kwa kampani ya Mapeto mu 2003. Zipani zatsopano sizinasiye mwambo wa nsalu, koma zinayamba kuigawa ulele, yachikasu kwa otsatira UDF, yobiriwira ngati mtambo kwa a DPP ndi yalalanje kwa a PP, ndipo mipingo, masukulu ndi mabungwe nawo amasindikiza zitenje zawo pa zikondwerero.

Kuti kuthetsa lamulo sikuthetsa maganizo kunaonekera mu Januwale 2012, pamene magulu a anyamata ogulitsa malonda mumsewu ku Lilongwe, kenaka ku Mzuzu ndi ku Blantyre, anavula amayi amene anavala mabuluku ndi masiketi aafupi, ponena kuti akuteteza chikhalidwe. Amayi anasonkhana ku Blantyre kutsutsa nkhanzazi, Pulezidenti Bingu wa Mutharika ananena poyera kuti amayi ali ndi ufulu wovala zimene akufuna, ndipo Joyce Banda, amene anali wachiwiri kwa pulezidenti, anaima nawo amayiwo. Mu Epulo chaka chomwecho Joyce Banda anakhala pulezidenti woyamba wamkazi wa Malawi, ndipo anadziwika m'maiko ambiri ndi zovala zake za chitenje ndi duku lofanana nazo, zimene zinasonyeza kuti mayi akhoza kukonda chitenje mwa kufuna kwake n'kutetezabe mnzake wovala buluku. Chikhalidwe chimene anyamatawo ankachitchula sichinalolepo mwamuna kuvula mkazi pagulu, pakuti pa mwambo wa makolo kuona thupi la mayi wa eni ake unali mlandu wopita kubwalo la mfumu.

Tsitsi nalo ladutsa m'njira yakeyake, kuchokera pa kulimanga ndi ulusi wakuda ndi kuliwongola ndi chipeso chotentha, kufika pa mankhwala ofewetsa, mawigi ndi tsitsi loikirira, ndipo saluni yakhala imodzi mwa mabizinesi amene amayi ambiri a m'matauni ndi m'misika ya kumidzi amadyetsera ana awo. M'sukulu zambiri za boma atsikana amalamulidwabe kumeta, ngakhale kuti mu Meyi 2023 Khothi Lalikulu ku Zomba, kudzera mwa woweruza Zione Ntaba, linagamula kuti ana a chipembedzo cha Rastafari asaletsedwe kuphunzira chifukwa cha tsitsi lawo. Vuto lalikulu koposa la nyengo ino ndi mafuta oyeretsa khungu, amene anayamba kutchuka ndi maina monga Ambi ndipo tsopano amagulitsidwa m'misika ndi pa intaneti. Ambiri mwa mafutawa amakhala ndi hydroquinone, amene akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amasiya zigamba zakuda zovuta kuchiza, kapena mankhwala a steroid amene amapyapyalitsa khungu, kapena mercury amene amawononga impso ndi mitsempha ndiponso amafika kwa mwana wosabadwa. Dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'mafuta odzola mu 1990. Chilakolako cha khungu loyera chinakula pa nthawi ya atsamunda, pamene ntchito, malipiro ndi ulemu zinkagawidwa potsata mtundu wa khungu, ndipo chikusemphana ndi muyeso wa makolo amene ankayamikira khungu losamalidwa bwino, kaya ndi lakuda kapena loyererako.

Mbiri yonseyi ikuonetsa kuti palibe chovala kapena chokongoletsera chimodzi chimene chingatchedwe cha makolo kuyambira pachiyambi, popeza mikanda inachokera ku India ndi ku Ulaya, duku linalimbikitsidwa ndi mipingo, ndipo chitenje chinayambira ku Java. Chimene chili cha kuno ndi luso la amayi losankha, kusintha ndi kupereka tanthauzo kwa zinthu zimenezi, pamodzi ndi chiphunzitso chakuti ukhondo ndi ulemu ndizo maziko a kukongola. Ku Kulamba ku Mkaika m'dziko la Zambia, ku Mulhako wa Alhomwe ku Chonde, ku Umhlangano ku Ntcheu ndi ku Umthetho ku Hora, mikanda ndi zovala za makolo zimaonekabe chaka ndi chaka, ndipo nyumba zosungira zakale monga ya Chichiri ku Blantyre ndi ya Kungoni ku Mua zasunga zina mwa zipangizozi. Koma amayi amene ali ndi mphini pankhope, amene akudziwa dzina la kalembedwe kalikonse, kayengedwe ka nsatsi ndi katungidwe ka mikanda, ndi okalamba ndipo akutha chaka ndi chaka. Ndi udindo wa masukulu a ukachenjede, mabungwe a chikhalidwe ndi zidzukulu za amayiwa kuwafunsa ndi kulemba zimene akudziwa iwo akadali moyo, ndipo ndi udindo wa boma ndi anthu onse kuonetsetsa kuti mkazi wa ku Malawi akudzikongoletsa popanda kuwononga thanzi lake ndiponso popanda kuopa munthu.